Mchere Umene Tinautsekera M'kabati

Kwacha, Kitwe
Lachinayi masana

Wokondedwa mwana wanga Zelipa,

Ndikulemba kalatayi iwe uli ku tchalitchi, kumene anzako a kwaya akukutsanzika ndi nyimbo ndi mabanzi. Ukabwera uipeza pamwamba pa chikwama chako. Usaiike m'thumba kuti ukaiwerenge m'ndege. Iwerenge lero lomwe, usanavule n'komwe nsapato. Ndikanatha kukuuza pakamwa, koma ukudziwa mmene timachitira iwe ndi ine: ndikangoyamba nkhani yaikulu, iwe umandifunsa ngati ndamwa mankhwala, ine n'kupsa mtima, nkhani yonse n'kuthera pa shuga wanga. Zilembo zakula ngati za mwana wa giredi wanu chifukwa cha masowa, undikhululukire.

Lamulungu ndinakumva. Unali kuseri kwa nyumba ya abusa ndi Amayi abusa, ine ndili mkati ndi akulu a mpingo anzanga, zenera lili pululu. Unawauza kuti tikiti ya basi ya ku Lusaka wagula kuti ine ndisadandaule, koma mumtima ukufuna kulembera aphunzitsi ako akunja kuti akusungire malo mpaka chaka chamawa. Unati sungasiye atate ako okha, maso akuchita chidima, ndipo jekeseni ya m'mawa palibe wowabaya. Shuga sanafike m'makutu mwanga, mwana wanga. Ndinamva zonse. Ndinanyadira kuti ndinabereka munthu wamtima wotere, komanso ndinachita mantha kwambiri, mantha amene sindinachitepo ngakhale tsiku limene anatichotsa ntchito ku mgodi. Mawa m'mawa basi inyamuka, ndipo ndikufuna inyamuke iwe uli mkati.

Ukukumbukira tsiku limene kalata yokuitana inafika? Ndinakufunsa kuti ukakachita chiyani kwenikweni kumeneko, iwe n'kuthamangira kuchipinda kukatenga ambulera yakale ya malemu amayi ako. Unandiuza kuti mamolekyu ena, tizidutswa tosaoneka ndi maso tija topanga zinthu zonse, ali ngati manja a munthu, lamanja ndi lamanzere, ofanana koma osalowa m'golovesi imodzi, ndipo m'mankhwala a kuchipatala limodzi limachiza pamene linzake limangokhala kapena kuvulaza kumene. Unati ntchito yako ikakhala kutembenuza lamanzere kuti likhale lamanja. Choyamba umamangirira pa molekyuyo kachidutswa kosavuta kuthothoka, kenako umathira mchere wina umene mbali yake imodzi imalowa chakumbuyo n'kukankha kachidutswa kaja, ndipo molekyu yonse imagadabuka. Pamenepo unaikoka ambulera ija mpaka inapindikira kumwamba ngati yakumana ndi mphepo ya mu Januwale, nthiti ziwiri n'kuthyoka. Ndinafuna kukukalipira chifukwa cha ambulera, koma nditafunsa dzina la mcherewo n'kumva kuti ndi siziyamu asiteti, ndinangotola ambulera ija n'kuyamba kuiwongola. Iwe unaganiza kuti sindinamvetse. Ndinamvetsa bwino lomwe, ndipo ndinaona kuti mwana amene ndinkamunyamula paphewa popita ku msika wandiposa kutali pa ntchito yanga yomwe. Koma mcherewo ine ndinaudziwa iwe usanamere mano, ndipo nkhani yake ndi imene ndikufuna umve usanasankhe chochita.

Pamene ndinali wothandizira mu labu ya kafukufuku ku mgodi, kunabwera mayi wina wachitsikana, Ba Dokota Chanda, mwana wa ku Kawama ku Ndola, atangomaliza maphunziro ake kunja. Amayi ake ankagulitsa makala. Iye ankayenda mofulumira ngati wasiya mkaka pamoto, ndipo ankaseka mpaka a m'maofesi a pamwamba n'kumasuzumira. Nthawi imeneyo ndalama zakunja zinali zitayamba kusowa, ndipo mankhwala amene mgodi unkagwiritsa ntchito polekanitsa kopa ndi miyala ankachokera kutsidya kwa nyanja. Ba Dokota anali ndi maganizo akuti ena mwa mankhwalawo tingayese kupanga tokha konkuno. Anamenya nkhondo ndi mabwana mpaka anamugulira botolo limodzi la siziyamu asiteti, laling'ono loti n'kulowa m'thumba la malaya. Litafika tonse tinasonkhana kudzaliona ngati mkwatibwi. Mkati munali mchere woyera basi, wosasiyana m'maonekedwe ndi wa m'khitchini, ndipo ena anabwerera ku ntchito zawo atagwa ulesi.

Tsiku loyamba kuuyeza ndinachita manyazi amene mpaka lero ndimaseka ndikawakumbukira. Inali nyengo ya mvula. Ndinatsegula botolo, ndinatapa pang'ono n'kuika pa sikelo, kenako n'kuyamba kufunafuna cholembera. Pobwerera ndinapeza manambala akukwera okha, pang'onopang'ono, popanda wowonjezera kanthu. Ndinapukuta sikelo, ndinatseka zenera, ndinauza mnzanga kuti asiye kupondaponda pansi. Manambala ankangokwerabe. Ndinapita kwa Ba Dokota monyadira kukanena kuti ndagwira sikelo yowonongeka, tiitane amisiri. Anabwera, anayang'ana kamulu kaja kamene kanali katayamba kunyezimira, n'kuseka mpaka kugwira tebulo.

"Awe, Ba Phiri, sikelo ilibe mulandu," anatero. "Mchere wanu ndiye uli na ludzu."

Anandifotokozera kuti mchere umenewu umakoka madzi a mumpweya mofulumira kwambiri, moti ukausiya poyera umanyowa, kenako n'kusungunuka wokha. M'madzi umasungunuka wochuluka zedi, kuposa mmene munthu wozolowera mchere wa ndiwo angaganizire. Kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira kuumitsa mcherewo mu uvuni ya mu labu, kuuziziritsa mu desiketa, mphika wagalasi uja wotseka kuti mpweya usalowe, ndi kukonzeratu cholembera, supuni ndi chotengera ndisanakhudze chivundikiro. Iwenso ukachite chimodzimodzi, Zelipa. Ukakonzeretu zonse usanatsegule botolo. Ndipo ukaona chinthu chachilendo, ukayambe wafunsa usanaimbe mlandu zipangizo za eni ake. Safunsa anadya phula, ine ndinangotsala pang'ono kuitanitsa amisiri kuchokera ku Ndola kudzakonza sikelo yabwinobwino.

Ntchito imene Ba Dokota ankaufunira mcherewo inali yophika asidi wa sinamoni ndi abale ake. Tinkasakaniza madzi ena onunkhira ngati keke ya paukwati ndi ena oyabwa m'mphuno kuposa viniga, n'kuthiramo mchere, n'kutenthetsa kwa nthawi yaitali. Tisanalandire botolo lija tinkagwiritsa ntchito sodiyamu asiteti, amene analipo wambiri m'sitolo. Tinkaphika tsiku lonse, thukuta lili kamukamu, n'kupeza tizinthu tochepa pansi pa fulasiki, botolo lagalasi lophikiramo lija, pamodzi ndi phula lakuda lovuta kutsuka, ndipo wotsuka anali ine. Tsiku limene tinathira siziyamu asiteti wouma bwino, sindidzaliiwala. Titathira zophikazo m'madzi n'kuwonjezera asidi, fulasiki inayera yonse, timiyala toyera tikutsika ngati ufa wosefedwa. Ba Dokota anaiyang'anitsitsa fulasikiyo. Kenako anavula magalasi, anandigwira dzanja ngati ndife akuluakulu a boma, n'kunena kuti lero tagwira ntchito. Ndinapita kunyumba wapansi osamva kutopa, ndipo amayi ako anandinunkhiza pakamwa poganiza kuti ndadutsira kumowa.

Ndinamufunsa pambuyo pake kuti chinsinsi chili pati, popeza michere yonse iwiriyo ili ndi asiteti yemweyo. Anandiyankha kuti sodiyamu ndi wamng'ono ndipo amamugwira asiteti zolimba, osamupatsa mpata. Siziyamu ndi wamkulu, amamugwira momasuka, choncho asiteti amatha kuchoka n'kukagwira ntchito imene waitanidwira. Iye ankangonena za mu fulasiki, koma sabata ino mawu amenewo akhala akundisowetsa mtendere. Kuyambira pamene amayi ako anatisiya, ndakugwira zolimba osadziwa. Ndimati ndikakuona ukundikonzera phala m'mawa ndimasangalala, osaganiza kuti manja amenewo ali ndi ntchito ina. Ba Dokota anaonjezeranso kuti madzi ndiwo mdani wa kuphika kumeneku, chifukwa amawononga mankhwala oyabwa aja asanachite kanthu. N'chifukwa chake ankaumirira kuti mchere uziuma.

Tsopano mvetsera bwino, pakuti apa ndi pamene pali nkhani. Titapambana tsiku lija, mabwana anakondwa, koma anati botololo ndi lodula ndipo lina silidzabweranso msanga, choncho lisungidwe mpaka atavomereza kafukufuku wamkulu. Palibe amene anatsutsa. Ifenso tinaona kuti n'zanzeru. Ukudziwa mmene anthu akuno timachitira ndi chinthu chabwino: mbale zadothi zimakhala m'kabati kudikira alendo, ife tikudyera m'zapulasitiki, ndipo suti imadikira ukwati mpaka mimba itakula. Botolo lija tinalikulunga m'nsalu, tinalitsekera m'kabati yachitsulo, kiyi n'kumasungidwa ku ofesi. Alendo akabwera kudzayendera labu tinkawatsegulira kabatiyo kuti alione, n'kutsekanso.

Chaka chotsatira anati tidikire bajeti. Chinacho anati mtengo wa kopa wagwa. Mabasi a kampani anayamba kufera panjira, kuchipatala cha mgodi mankhwala anayamba kusowa, magetsi a mumsewu akazima ankazimiratu. Mu labu tinkatsuka mapepala osefera kuti tiwagwiritsenso ntchito. M'zaka zimenezo Ba Dokota analandira kalata kuchokera kwa mphunzitsi wake wakale kunja, yomuitana kuti akagwire naye ntchito. Anandionetsa, ndinaiona ndi maso anga. Anayankha kuti amudikire chaka chimodzi, chifukwa amayi ake ku Kawama anali atayamba kudwala, komanso sakanasiya kafukufuku wathu ali pafupi kuvomerezedwa. Chaka chitatha anapemphanso china. Ulendo wachitatu sanayankhidwe, ndipo anamva kwa ena kuti mphunzitsiyo anapuma ntchito, malo aja anapatsidwa munthu wina. Sindikunena kuti analakwa kukonda amayi ake, ayi. Koma anali ndi achemwali ndi alongo amene akanatha kuwasamala, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wa iwo amene akanatha kuchita zimene iye ankachita mu labu. Zengerezu analinda kwawukwawu, ndipo tonse tinamuthandiza kuzengereza pomuyamikira kuti ndi mwana wabwino.

Kenako boma linagulitsa migodi. Eni atsopano anati iwo abwera kudzakumba kopa, za kafukufuku amachitira kwawo. Mayina anakhomedwa pa bolodi, langa ndi la Ba Dokota pa pepala limodzi. Sabata yomaliza anatiuza kuti titulutse zonse za m'makabati kuti zikatayidwe. Kiyi wa kabati yachitsulo anasowa, mpaka tinachita kuthyola loko. Nditamasula nsalu ndinamva botolo likuchita khuvukhuvu m'manja. Chivundikiro chinali chitang'aluka pang'ono, kaya liti, ndipo mchere uja unakhala ukumwa mvula ya Kitwe chaka ndi chaka mumdima. Munalibenso choyera chilichonse, munali madzi okhaokha olemera ngati manyuchi. Ndinapita nalo kwa Ba Dokota, amene anali kulongedza mabuku ake m'katoni. Pofuna kumutonthoza ndinati mcherewo sunafe, tikhoza kuuika mu uvuni madzi n'kuphwa, n'kubwerera mwakale. Zinali zoona, ndipo iye ankadziwa kuposa ine. Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kulibweza m'manja mwanga.

"Mchere tingaumitse, Ba Phiri," anatero motsitsa mawu. "Nomba nanga ine, mudzaniika mu uvuni iti?"

Imvi zinali zitayamba kale m'mutu mwake. Lero amaphunzitsa sayansi pa kasukulu ka munthu ku Parklands, ndipo ana ake amakhoza bwino, chifukwa munthu uja ngakhale utamupatsa choko chokha amachita nacho zodabwitsa. Ndimamulemekeza kuposa munthu aliyense amene ndinagwirapo naye ntchito. Nditamuuza mwezi watha kuti waitanidwa kunja, ndiponso kuti ukakagwira ntchito ndi mchere womwe uja, anaimirira pakati pa msewu n'kuyamba kuseka monga kale, minibasi zikumuimbira mahutala. Atasiya kuseka anangondiuza kuti ndisalole kuti uchedwe ngakhale ndi tsiku limodzi. Ndikubwereza, Zelipa: malo amene akusungira lero sakhala akukudikira. Aphunzitsi amapuma, ndalama za maphunziro zimasamukira kwina, ndipo chaka chimodzi chimabereka chinzake.

Poti ukupita, pali tina ndi tina toti ndikukumbutse, ngakhale ndikudziwa kuti uzipukusa mutu powerenga. Magalasi oteteza maso uzivala nthawi zonse, ngakhale ukungotsuka mabotolo. Ife m'masiku athu tinkayamwa mankhwala ndi pakamwa pogwiritsa ntchito kapaipi kagalasi, ndipo mnzanga wina, Ba Mwape, anakhala sabata yathunthu osamva kukoma kwa chakudya atameza pang'ono. Iye ankati zinamuthandiza kupirira kaphikidwe ka akazi ake, koma iwe usakayese. Botolo lililonse ukalilembe dzina ndi tsiku usanathiremo kanthu, chifukwa zoyera zonse zimafanana, ndipo mutu umene ukuudalira lero udzakunamiza Lachisanu. Chimene chakanika ukachilembe momwe chakanikira, osakometsa. Ba Dokota ankati fulasiki yakuda imaphunzitsa kuposa yoyera, malinga munthu asaibise.

Ukakaphika zinthu n'kukanika kangapo, usakafulumire kudziona ngati wopanda nzeru chifukwa wachokera ku Kwacha. Kawirikawiri mlandu umakhala wa madzi amene alowa penapake. Ukaumitse mchere wako, ukaumitse magalasi ako, ukayambirenso. Ndakuonera kuyambira uli wamng'ono, sunayambe wasiya chinthu pakati. Unkakhala pakhonde ndi samu imodzi mpaka udzudzu utakuzinga, amayi ako akukuitana kuti ukadye, iwe osamva. Khama limenelo sunatengere ine, unatengera iwo.

Akakakuseka kalankhulidwe, ukaseke nawo. Iwe umalankhula Chinyanja m'nyumba, Chibemba pamsewu ndi Chingerezi m'kalasi, pamene ambiri a iwo ali ndi chilankhulo chimodzi chokha. Ukafike pofunafuna tchalitchi sabata yoyamba, usanazolowere kugona Lamulungu m'mawa. Ngati sukapeza mpingo wathu, ukalowe umene ulipo, Mulungu sanatsalire kumudzi kwathu ku Katete. Jekete lija la amayi ako ukalivale, ngakhale ukuti ndi lachikale, kuzizira kwa kumeneko sikuyang'ana fashoni. Za amuna sindinena zambiri, pakuti unandiposa nzeru kalekale, koma amene adzakuuze kuti usiye labu chifukwa cha iye, udzamuuze kuti ayambe wabwera kudzalankhula ndi ine, ndidzamulandira ndi ndodo yanga yoyendera. Ndipo usakadzimane chakudya kuti uzinditumizira kanthu. Chimene ndikufuna kwa iwe ndi makalata, olembedwa zilembo zikuluzikulu, ondiuza chimene waphika ndi chimene chatuluka. Ngakhale sindikamvetsa zonse, ndizikawerengera akulu a mpingo mpaka atatopa nane.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo dziwe lathu lino laphwa, ukuliona wekha. Anzako amene munamaliza nawo sukulu akugulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, ndi kuitanira minibasi, si chifukwa chakuti ndi mbuli, koma chifukwa chitseko chimene chinatsegukira iwe sichinawatsegukire. Ukakana kulowa, sukhala wawathandiza iwo, ndipo ine sukhala wandichiritsa.

Tsopano za jekeseni ndi za maso anga, poti ndi zimene zakumanga miyendo. Lachiwiri lija ndinakuuza kuti ndikupita ku chipatala ndipo ndichedwa chifukwa cha mzere. Ku chipatala ndinapitadi, koma nditatuluka ndinakwera minibasi ya ku Ndola mpaka ku Kawama kwa azakhali ako a Esinati. Ukudziwa kuti ine ndi mlongo wangayo sitimatha ola limodzi osakangana, ndipo chiyambire maliro a amayi ako wakhala akundiuza kuti adzakhale kuno, ine ndikukana poopa pakamwa pake. Ulendo uno ndinachita kumupempha ndine, chipewa chili m'manja. Anandisiya ndiime kaye pakhomo mpaka atamaliza kusoka diresi la kasitomala, kenako anandiuza mawu onse amene anawasunga zaka zonsezi, ine ndikungoti inde. Pomaliza analira, n'kuvomera. Anabaya malemu amuna ake jekeseni yomweyi kwa zaka zambiri, ndiye dzanja lake ndi lozolowera kuposa lako, ngakhale ndikukayika ngati lidzakhale lofatsa ngati lako. Nyumba yake wasiyira mwana wake wamkulu. Afika mawa m'mamawa pa kagalimoto ka mnansi wake, ndi matiresi, mapoto ndi makina ake osokera.

Alowa m'chipinda chako. Wanena kale kuti makinawo akufuna kuwaika pazenera pamene pali tebulo lako lowerengera, ndiye ukamaliza kalatayi uchotse mabuku amene sukutenga, uwaike m'katoni pansi pa bedi langa. Ukasankha kutsala, dziwa kuti ugona pabalaza, ndipo uzidzutsidwa ndi azakhali ako m'bandakucha kuti usese pabwalo. Ndakuchitira dala, mwana wanga, ndipo sindikupepesa.

Ndidzakusowa kwambiri. Ndanena pano kuti mawa ndisadzanene. Ndikuperekeza mpaka pa siteshoni, ndipo ndikudzidziwa ndekha: basi ikadzaliza injini ndidzayamba kutsokomola, mwina ndidzafuna pokhala, mwina udzandiona pazenera ndikupukuta m'maso ndi chipewa. Si shuga ameneyo. Usadzatsike.

Mulungu wa amayi ako akutsogolere.

Ndine atate ako,
amene akunyadira iwe.